Manja a pa Chithunzi

Panali mayi wina, Nangondo, amene ankaphunzitsa alimi kumezanitsa mango. Tsiku lina anapeza tsamba la pa intaneti lofotokoza bwino lusolo. Pansi pake panalembedwa kuti aliyense akhoza kukopera mawuwo, bola atchule mwiniwake.

Nangondo sanachedwe. Anatenga mawu, natenganso chithunzi chimene chinali patsambalo, cha manja okalamba akumanga kamtengo. Anasindikizitsa timapepala mazana atatu toti akagawe pachionetsero cha zaulimi Loweruka.

Lachitatu, popita kukatenga timapepalato, mayi wosindikiza anamuitanira pakompyuta. Atadina chithunzicho, chinawafikitsa patsamba lina, la wojambula wotchedwa Lufeyo Gwaza. Apo panalembedwa kuti osachigwiritsa ntchito popanda chilolezo.

"Amayi, amene anakulolani ndi mwini mawu," anatero wosindikizayo. "Chithunzichi nayenso anachita kubwereka."

Nangondo anayang'ana mulu wa timapepala take. Kugawa timapepalato kunali kuba masanasana, dzina lake lili pomwepo. Kutitaya kunali kupita kuchionetsero chimanjamanja. Mtima wina unkamunong'oneza kuti ndani angadziwe, poti mwini chithunzi ali kutali. Paja mtima umenewo susowa chonena.

Koma anakhala pansi nalembera Gwaza uthenga, kuulula zonse ndi kupempha. Lachinayi kunali zii.

Lachisanu m'mawa foni inalira.

"Mayi, ndine Gwaza. Manja amenewo ndi a malemu bambo anga. Ambiri angotola chithunzicho ngati chagwa pamsewu, n'chifukwa chake ndinachitsekera. Inu ndinu oyamba kugogoda. Gawani ndithu, koma mulembepo dzina lawo, Yotamu Gwaza."

Nangondo anapumira m'mwamba, nayamba kuseka yekha, misozi ili m'maso. Tsiku lonselo anakhala pakhonde ndi cholembera, kulemba dzinalo pansi pa chithunzi kamazana atatu. Zala zinatupa, koma mtima unali mbee. Loweruka alimi ankawerenga kapepalako n'kumafunsa kuti Yotamu Gwaza anali ndani, iye n'kumawauza.

Tsono inu amene mumatapa zinthu pa intaneti, imvani. Munthu akakuuzani kuti thyolani mango pabwalo panga, sanakupatseni mbuzi ya mnansi yomangiriridwa pamtengopo. Tsamba lili ndi mwini wake, chithunzi ndi nyimbo zolumikizidwapo zilinso ndi eni ake. Safunsa anadya phula. Tsatani chingwe mpaka mupeze mwini mbuzi, ndipo mugogode.