Makiyi a Fakitale ya Mayi Nankhoma

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, ku Limbe kunali fakitale yosoka malaya ya mayi Nankhoma. Inali ndi atelala makumi asanu, ndipo malaya onse ankagulidwa ndi mkulu wina wa kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina mkuluyo anatumiza malaya achitsanzo pamodzi ndi uthenga: "Awa ndawapeza kudziko lina motchipa, chifukwa atelala akumeneko amalandira theka la malipiro a atelala anu. Tsitsani mtengo mwezi uno, apo ayi ndizigula kumeneko."

Mayi Nankhoma mutu unaima. Anasonkhanitsa antchito onse nati, "Malipiro anu sindifuna kudula, komanso geti sindifuna kutseka. Ine ndakula. Amene atipulumutse ndimusiyira makiyi, aziyendetsa ndiye."

Lufeyo, wodula nsalu, ndiye anaona pamene panagona vuto. Atelala onsewo anaphunzirira ntchito m'makonde a masitolo, choncho aliyense ankasoka malaya athunthu yekha, osalola mnzake kukhudza. "Tigawane," anatero Lufeyo. "Wina azisoka makolala okhaokha, wina manja, wina mabatani. Dzanja likazolowera chinthu chimodzi limathamanga." Anamuseka koopsa, ndipo mmodzi amene anaseka kuposa onse anati, "Ine telala wa zaka makumi awiri ndizikhalira mabatani ngati wophunzira? Iwe Lufeyo, sizasi zakusokoneza mutu!" Kunyada kwa atelala mumakudziwa, nkhaniyo inathera pomwepo.

M'mawa mwake Etinala, katswiri amene onse ankamupatsa ulemu pa kasokedwe, anasiya makina ake n'kukakhala patebulo la mabatani. "Achimwene," anauza amene anaseka kwambiri uja, "ndikasoka mabatani ana anga adya. Nanga fakitale ikatsekedwa, luso langali adzaphika?" Manyazi anawagwira anthu akuluakulu, mmodzimmodzi anayamba kusankha chiwalo cha malaya choti azisoka. Malaya osokedwa patsiku anachuluka kawiri, mtengo unatsika popanda kukhudza malipiro a munthu.

Tsoka lake, unali usanafikebe pa mtengo wa anzawo a kudziko lina aja. Apa bambo Sikelo, olongedza malaya m'makatoni, amene anthu ambiri sankawawerengera, anatenga malaya achitsanzo aja ndi ena a pafakitalepo n'kuwachapa pamwala kakhumi. Achitsanzowo anasosoka m'khwapa, mabatani anathothoka, pomwe a pafakitalepo anangokhala ngati atsopano. "Mayi, mumutumizire wogula uja onse awiri, adzionere yekha," anatero bambowo. Patatha masabata atatu yankho linabwera: "Pitirizani kutumiza, ndipo muwonjezere makatoni."

Tsiku limenelo atelala anavina pakati pa makina, mayi Nankhoma misozi yachimwemwe ili mbwee. Atatulutsa makiyi m'chikwama, anayang'ana Lufeyo, anayang'ana Etinala, anayang'ana bambo Sikelo, dzanja lawo linangoima m'malere.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tiweruzireni: makiyiwo apite kwa amene anaganiza njira, kwa amene anadzichepetsa kuti anzake aitsate, kapena kwa amene anabweza mtima wa wogula?