Mchira wa Mayi Nkhosa

Kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe, kunali mayi wina wamasiye, dzina lawo a Nachisale. M'khola mwawo munkakhala Mayi Mbuzi ndi kamwana kawo, ndiponso Mayi Nkhosa ndi kamwana kawo. Masiku amenewo nkhosa inkayenda mutu uli m'mwamba, mchiranso uli m'mwamba ngati wa mbuzi.

Kholalo linali ndi lamulo. M'mawa uliwonse, asanachotse mipiringidzo pakhomo, a Nachisale ankafunsa kuti, "Alipo amene m'mimba mukumuvuta?" Wodwala njoka zam'mimba ankamumangirira pachikhomo kumtunda, nkumamumwetsa mankhwala owawa mpaka achire. Kudambo sankapita ndi anzake, pakuti mbewu ya njokazo imatuluka ndi ndowe, imakhala pa udzu wonyowa, ndipo wodya udzuwo amaimeza.

Chaka china Mayi Mbuzi anadwala, ndipo ananena. Anawamangirira kumtunda. Mayi Nkhosa podutsa ankaseka.

"Anzanga, chingwecho chakukhalani bwino zedi. Matenda a uve amadziwa kwawo. Ife a ubweya woyera tingomva kwa ena."

Mayi Mbuzi anamwa mankhwala, anachira, nabwerera m'khola.

Mvula itagwa, m'mimba mwa Mayi Nkhosa munayamba kupotokola. Anayamba kutsekula, ndipo miyendo yakumbuyo inada. Anayang'ana chikhomo chija kumtunda, nakumbukira mawu awo. Tsono anatsitsa mchira, nabisa uvewo.

M'mawa a Nachisale anafunsa funso lawo. Onse anakhala chete.

"Mayi Nkhosa, nanga mchirawo wagweranji?"

"Ntchentche, amayi. Zachuluka chaka chino."

Patapita masiku, pansi pa chibwano pawo panatupa ngati pali madzi.

"Mayi Nkhosa, apa patani?"

"Nkunenepa, amayi. Msipu wa chaka chino ngwabwino."

Koma nthiti zinali zitayamba kuonekera. Kachitatu a Nachisale anawagwira mutu, nayang'ana m'maso.

"M'zikope mwanu mwayera ngati ufa. Magazi apita kuti?"

"Ndikuyamwitsa, amayi. Kamwanaka sikandipatsa mpata."

Ndipo tsiku ndi tsiku Mayi Nkhosa ankapita kudambo limodzi ndi anzawo. Kamwana ka Mayi Mbuzi kanali katangophunzira kudya udzu. Kankatsatira Mayi Nkhosa pambuyo, chifukwa iwo ndiwo ankadziwa pamene pali msipu wanthete. Pamene iwo aima, ikonso kankadya pomwepo.

Tsono kamimba kake kanatupa. Ubweya unaima. Kankadya koma osakula, ndipo timiyendo tinayamba kugwedezeka. Mwana sadziwa kunena chimene chikumupweteka. A Nachisale pozindikira, njoka zinali zitakatha m'kati. Kanafa.

Mayi Mbuzi anagwada pakhomo pa khola.

"Amayi, ndine. Matenda anga aja sanathe. Ndapha mwana wanga ndekha. Kandimangireni kumtunda, ndisadzatsikenso."

Mayi Nkhosa anali pomwepo. Anayandikira, nanena motsitsa mawu, "Pepani anzanga. Ndi mmene dziko lilili." Mchira unali chitsikire.

Mayi Mbuzi anapita kuchikhomo. Kumeneko ankalira okha, osakhudza chakudya.

Sipanapite nthawi, kamwana ka Mayi Nkhosa kanagona pansi, kulephera kudzuka. A Nachisale anakanyamula pamiyendo, nadabwa.

"Mayi Mbuzi ali kumtunda, kudambo safika. Nanga njoka zingachokere kuti? Kapena si njoka. Kapena kadya tsamba loipa. Mankhwala anga ngaukali. Sindingamwetse mwana wofooka chotere ndisakudziwa chimene akudwala."

Mayi Nkhosa anayang'ana kamwanako. Kankapuma movutika. Tsono anatembenuka pang'onopang'ono, nakweza mchira pamaso pa a Nachisale.

"Ndi njoka, amayi. Zachokera kwa ine. Mukamwetse msanga."

A Nachisale anakamwetsa mankhwala, ndipo kanachira. Atatero anakwera kumtunda, anamasula Mayi Mbuzi, nabwera nawo pakhomo pa khola. Mlandu anaugamulira pomwepo.

"Mayi Nkhosa, kudwala si mlandu. Mayi Mbuzi anadwala, ananena, ndipo palibe anafa. Inu ndinakufunsani katatu. Mwana wa mnzanu atafa munakhala chete. Mnzanu atasenza mlandu wanu munakhala chete. Pakamwa panu patseguka lero chifukwa wagona pansi ndi wanu."

Mayi Nkhosa anazolika.

"Ndinkaopa kusekedwa, amayi."

"Akadakusekani ndani? Woseka m'khola muno munali inu nokha. Tsono imvani. Mupita kuchikhomo, mumwa mankhwala anzanu akuona. Mukachira mudzabwerera m'khola, pakuti sinditaya chiweto changa. Koma mchira munautsitsawo sudzakweranso. Udzalemera, ndipo mudzaukoka inu ndi ana anu onse."

"Ndavomera, amayi," anatero Mayi Nkhosa. Ndipo anayang'ana kwa mnzawo. "Anzanga, kodi mungandikhululukire?"

Mayi Mbuzi anawayankha.

"Chiweruzo ndachimva, ndipo sindichitsutsa. Khola tidzagona limodzi. Koma pamene mwadya inu, ine sindidzadyapo."

Anatuluka mchira uli m'mwamba, popeza analibe chobisa, nakaimirira pachitsamba kudya masamba. Mpaka lero mbuzi imakonda masamba am'mwamba. Nkhosa imayenda mutu uli pansi, mchira ukulendewera pambuyo.

Ana inu, imvani bwino. Matenda obisidwa sakhala mwa mwini yekha, amapita kwa wofooka amene akumutsatira. Mukadwala nenani. Mukaona chiweto chikuonda, chikutsekula, musachibise pakati pa zinzake poopa kusekedwa. Manyazi a kunena amatha mankhwala akatha. Manyazi a kubisa munthu amayenda nawo moyo wake wonse.

Yanga nthano yathera pomwepa.