Tsiku Limene Mwandida Anakwera mu Siling'i

M'tauni ina ya m'mbali mwa njanji munali mtsikana dzina lake Mwandida. Ntchito imene mtima wake unasankha inali yoyang'ana nyumba n'kunena mtengo wake woyenera. Musayese ndi ntchito yongoloza chala, abale. Ine ndayenda, ntchito za pansi pano ndaziona zonse, zina ndinaziyambitsa ndine, koma iyi ndi ina. Mabuku amene mwanayo anawerenga, mukanawasanja pamodzi n'kukwera pamwamba pake, mukanaona anthu akupalasa njinga ku Nsanje.

Atamaliza sukulu anamuuza kuti sanathe. Anapita kukaphunzira m'manja mwa katswiri wina wokalamba, a Mkwate, n'kumagwira kunsonga kwa tepi yoyezera nyumba dzuwa lili paliwombo, chaka ndi chaka, mpaka nsapato zake zinatha n'kutsala zingwe zokha. Kenako anakaonekera pamaso pa akuluakulu a ntchitoyo, anthu amene mafunso awo amatulutsa thukuta ngakhale mpando umene wakhalira. Anakhoza. Anamupatsa laisensi, ndi chidindo cholembedwa dzina lake.

Potsanzikana, a Mkwate anamuuza chinthu chimodzi chokha: "Mwana wanga, usadzadinde nyumba imene sunalowetse mutu mu siling'i mwake."

Mwandida anachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya simenti, anapachika laisensi pakhoma, nakhala pansi kudikira anthu. Anadikira. Anadikirabe. Mlendo woyamba kufika pa ofesipo anali nkhuku, nayonso inangosuzumira n'kubwerera. Inki ya chidindo inayamba kuuma chisanadinde kanthu, ndipo mwini chipinda anasiya kumupatsa moni.

M'mawa wina pakhomo panaima galimoto yaitali, yoti mutu wake utafika pa ofesi, mchira unali ukadali kumsika. Munatuluka a Chikopa, mwini nyumba zalendi pafupifupi theka la tauniyo.

"Ndinu a laisensi atsopano aja? Pali kabwinja kena ndikufuna kugula, ka mayi wamasiye. Ndikungomuthandiza. Koma abale a malemu akuti sagulitsa popanda chidindo. Mukandichitira bwino pamenepa, achemwali, nyumba zanga zonse muzidinda ndinu."

Mtima wa Mwandida unavina. Anavala bulauzi yake yoyera, imodzi yomweyo imene anali nayo, nakwera galimoto.

Nyumbayo, tinene zoona, inali yomvetsa chisoni. Makoma otuwa, malata adzimbiri, windo lina lotseka ndi katoni. Pakhonde panakhala mwini wake, aNangozo, atagwira tsaya. A Chikopa sanazimitse n'komwe injini. Anangotsitsa galasi.

"Mwaiona? Lembani mtengo wa malo okha, nyumbayi ndi yogwetsa. Dindani pompano tizipita."

Chidindo chinali kale m'manja. Kudinda kamodzi kokha, lendi ya ofesi yatha, nkhuku ija yalowa mumphika. Ndani akanamuona? Nyumbayo inkaoneka yothadi. Koma khutu lake linkayabwa ndi mawu a a Mkwate.

"Ndikaone kaye mkati, bwana."

"Mkati muli chiyani? Mukufuna kuwerenga mileme?"

Mwandida anatsika. ANangozo anamulandira ndi manja awiri, nati, "Musadzivute, mwanangu. Abwanawa akhala akundiuza kuyambira tsiku la maliro kuti nyumbayi yatha. Nanenso ndikaiyang'ana ndimaona kuti yathadi, ngati mwini wake."

"Amayi, makwerero muli nawo? Mundibwerekenso chitenje."

Anamanga chitenjecho pamwamba pa siketi, anakwera, nakankha kachitseko ka siling'i ndi mutu. Abale! Fumbi limene linagwa pamenepo linali la nthawi ya atsamunda. Mileme imene inatuluka inaphimba dzuwa, nkhuku za m'dera lonselo n'kukalowa m'khola masanasana. Mwandida anatsokomola, anapukuta maso, nayatsa tochi ya foni.

Anangoti kukamwa yasa.

Mitanda ya mlombwa, yofiira, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yolumikizana bwino popanda ndi mpata wolowetsa singano. Anagogoda umodzi ndi tepi, unalira ngati belu la tchalitchi. Chiswe chinayesapo kale pamenepo, mano onse n'kuthera pomwepo. Mpaka lero chiswe cha m'dera limenelo chimadya phala. Anayang'ana m'mwamba: malata aja anali akale, ochindikala, dzimbiri lili kunja kokha, popanda ndi kabowo kamodzi kolowetsa dzuwa. Anayang'ana mutu wa khoma: njerwa zootcha, mizere iwiri, popanda mng'alu.

"Amayi! Anamanga nyumbayi ndani?"

"Malemu bambo anu. Anali kalipentala. Ankati penti tidzapaka ana akamaliza sukulu. Ana anamaliza, iwo n'kutisiya."

Mwandida anatsika ali mbuu, bulauzi yoyera ija itasanduka chisanza chopukutira mapoto, ulusi wa akangaude uli lende m'tsitsi. Kunja a Chikopa ankaliza hutala. Iye sanathamange. Anayeza chipinda ndi chipinda, anazungulira maziko, anafunsa mmene nyumba zina za mumsewumo zinagulidwira. Atatha anaima pakati pa galimoto ndi khonde, natchula mtengo wake weniweni, waukulu, mokweza mawu kuti onse awiri amve.

Galimoto ija inazima yokha.

"Mwapenga kodi? Ndakubweretsani kuno ndine!"

"Mwandibweretsa ndinu, bwana, koma pachidindopa pali dzina langa."

"Ndiye mudzadya chidindocho!"

"Ndidzathira mchere, bwana."

Anaika pepala pachipupa cha khonde, nadinda. Phi! Kudinda koyamba m'moyo wake. A Chikopa anachoka ali okha, ndipo Mwandida anadziwa kuti kubwerera ndi wapansi, ntchito ya nyumba za theka la tauni yapita.

Koma aNangozo anali ataimirira. "Mwanangu, tabwerezani. Mwati bwanji?" Anabwereza. Mayi uja anayang'ana nyumba yake ngati akuiona koyamba. "Ndiye kuti abambo anu sanandisiye m'bwinja?" Nthungululu imene analiza pamenepo inamveka mpaka pasiteshoni, sitima n'kuima poyesa kuti ayiimitsa. Nyumbayo sanagulitsenso. Anaipaka penti, zipinda zakutsogolo n'kuika alendi.

Tsono inu mukudziwa pakamwa pa mayi wokondwa. Kuchigayo, kumjigo, kumaliro, kukwaya, nkhani inali imodzi: kuli mtsikana amene amalowa mu siling'i. A kubanki anamva. Ogulitsa anamva, ogula anamva. Mzere wa pa ofesi ija unatalika kuposa galimoto ya a Chikopa, ndipo mwini chipinda anayamba kumupatsa moni m'mawa, masana ndi madzulo. Tsiku lina mumzeremo munaima a Chikopa eniake, chipewa chili m'manja. Ankafuna kugulitsa nyumba yawo ina, koma wogula anakana chidindo china chilichonse.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "makwerero ndabweretsa anga."

Tsono tamverani, inu mwakhala pamabenchi m'tchalitchi muno. Nyumba ija ndinu. Pali wina amene wakhala akuima pamsewu wa moyo wanu, injini ikulira, n'kumakuuzani kuti mwatha. Mwakalamba, akutero. Munalakwa kwambiri, simunaphunzire, ndinu ogwetsa. Wanena mpaka inunso mwagwira tsaya n'kuvomereza. Muzimuzindikira ameneyo: ndi wogula. Satana sanyoza chinthu chimene sakuchifuna. Amakunyozani kuti akutengeni motchipa, ndi kabotolo, ndi kachiphuphu, ndi kakutaya mtima.

Koma Ambuye wathu sanayang'ane ali patali. Anatsika, anadetsa chovala chake choyera ndi fumbi lathu, analowa mpaka kumene ife eni timaopa kusuzumira. Kumeneko anapeza mitanda imene Mmisiri wamkulu anaika ndi manja ake, ndipo mtengo umene anatchula anaudinda ndi mwazi wake.

Choncho wina akadzakutsitsirani galasi sabata ino n'kukuuzani kuti ndinu bwinja, musakangane naye. Mungomufunsa kuti, "Kodi mwalowamo?" Ndipo mumuuze kuti amene analowamo anadinda kale.