Mayi amene ankangodandaula za msana

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu panali mayi wogulitsa kaunjika. Tsiku lina a zaumoyo anabwera, anakhoma tenti kuseri kwa msikawo, n'kuyamba kuyeza amayi khansa ya khomo la chiberekero. Anzake onse ogulitsa zovala anapita, iyenso anapita poopa kutsala yekha.

Namwino atamuyeza anati, "Mayi, tapeza kachilonda. Sikanafike pa khansa. Mubwere kuchipatala sabata ino, tithane nako kasanakule."

"Ndamva, ndibwera," anayankha mayiyo. Anatuluka akumwetulira, ndipo anzake atamufunsa anangoti zonse zili bwino.

Koma kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso m'malo. Ankayala zovala, n'kuzisonkhanitsa, n'kuziyalanso. Munthu akafunsa mtengo wa siketi, iye ankatchula wa malaya. Ankaopa mpeni wa kuchipatala. Ankaopa pakamwa pa anthu. Ankaopanso kuti mwamuna wake akamva, chikondi chizirala.

Musaganize kuti anangokhala pansi, ayi, anayenda mayiyu. Anayamba wapita kwa wogulitsa mankhwala, n'kumuuza kuti msana ukumupweteka. Anapatsidwa mapiritsi, anamwa, koma mantha sanachoke. Kenako anakwera minibasi kupita ku chipatala chakutali kumene palibe ankamudziwa. Anakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Atalowa, dokotala anamufunsa, "Chavuta n'chiyani, mayi?"

Iye anangoti, "Ndi msana, adokotala."

Dokotala anayeza msanawo, sanapeze vuto lalikulu, anamupatsa mankhwala opaka. Mayiyo anabwerera akudziuza kuti ngakhale adokotala anena kuti ali bwino. Koma potsika minibasi mantha aja anali atamupeza kale. Anapitanso kumapemphero, anagwada kutsogolo, koma atafunsidwa chomwe akufuna, anapempha kuti apempherere malonda ake.

Mvula inagwa, anthu anakolola, inagwanso. Ndiye anayamba kutaya magazi nthawi yosayenera. Tsiku lina mng'ono wake anamupeza atakhala kuseri kwa mabelo a zovala, atagwira pamimba, ogula akungodutsa.

"Achemwali, mukubisa chiyani?"

Ulendo uno sanatchule msana. Ananena zonse, kuyambira pa tenti paja. Mng'ono wakeyo sanamudzudzule. Anangomanga katundu, anamugwira dzanja, ulendo kuchipatala.

Kachilonda kaja kanali katakula, katasanduka khansa. Zomwe zikanatheka pa chipatala chapafupi tsiku limodzi, tsopano zinafuna chipatala chachikulu cha mumzinda. Anamuchita opaleshoni, anachotsa chiberekero. Anagona nthawi yaitali, malonda anaima, ana anakakhala kwa achibale. Mwamuna uja ankamuopayo ndi amene ankamuchapira ndi kumuphikira kuchipatalako. Mayiyu anachira, ngakhale mphamvu zake zakale sizinabwerere zonse. Lero a zaumoyo akabwera, iye ndi amene amayenda benchi ndi benchi kuuza anzake kuti asachite zomwe iye anachita.

Abale ndi alongo, ambiri a ife timabwera kwa Mulungu ngati mayi ameneyu. Sitijomba kutchalitchi, timagwada, timapemphera ndithu, koma timangotchula msana. Chilonda chenicheni, chidani chija, chigololo chija, bodza lija, timabwera nacho n'kubwerera nacho, kenako n'kumadabwa kuti mtendere sitikuupeza. Mulungu akatiloza pamene pali chilonda, sakufuna kutichititsa manyazi, akufuna kutichiza chisanakule. Amayi, akakuitanani kukayezetsa, pitani, ndipo akakuuzani kuti mubwerenso, bwererani. Ndipo tonsefe, pogwada lero, tisiye kuzungulira. Timuuze Mulungu pamene pakupweteka penipeni.