Che Swaibu Alira Maliro a Munthu Wamoyo

Pabwalo pa Lukiya, m'mudzi wina kuseri kwa Nsanama, mpunga wa faya unali mbwee pamphasa, nkhuku zikupirikitsidwa uku ndi uku. Kunatsala masiku ochepa kuti ichitike sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire mlongo wake wamkulu, Che Bakari, amene anali mwini mbumba wa banja lonselo. Aliyense ankadziwa kuti mbale zikadzatsukidwa, azimayi akuluakulu a mbumba adzakhala pansi n'kusankha wolowa dzina la malemuyo.

Ndi pa nthawi imeneyo pamene anatulukira Che Swaibu, mng'ono wa malemu, mtchona wa ku Bulawayo. Anachoka pamudzipo ndevu zisanamere, anthu akuwolokabe Shire pa pantoni, ndipo tsopano ankabwera ndi imvi, sutikesi yachitsulo ndi jekete yaubweya m'dzuwa la Okutobala. Akuti basi itadutsa pamlatho pa Liwonde, iwo anakangana ndi kondakitala kuti dalaivala wasochera. Munthuyo sanali woipa mtima, iyayi. Anamulira mkulu wawo misozi yeniyeni. Koma dzina lija ankalifuna ndi mtima wonse, poti mtchona wobwera wopanda mkazi, wopanda munda, amafuna pogwira kuti anthu asamamuone ngati mlendo pakwawo.

"Pasadakapo ndiyankhula ndine m'malo mwa banja," anatero atangomwa madzi. "Anthu amve kuti magazi a Bakari sanathe."

"Palibe wokana, achimwene," anayankha Lukiya. "Koma takhalani pamphasapa ndikuuzeni za mudzi uno. Chaka chino chokha manda atsekulidwa kangapo. Muyenera kudziwa amene anapita ndi amene atsala."

Che Swaibu anaseka. "Achemwali, mchombo wanga unagwera kuseri kwa nkhokwe iyo. Ine ndizikafunsa njira m'mudzi wobadwira? Maso ndili nawo."

Masowo anawagwiritsadi ntchito. Masana omwewo anazungulira mudzi okhaokha, manja kumbuyo, mpaka anafika pamene panali nyumba ya mayi awo aang'ono, Abiti Hamadi. Anapeza denga lili pansi, zipupa zitagona, mphonda zitayanga pachulu cha dothi. Ku Machinga mwana aliyense amadziwa kuti nyumba ya womwalira imagumulidwa. Che Swaibu anavula chipewa, nayima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa mayi amenewa ndi amene anawalera mayi awo owabereka atamwalira.

Atabwerera, Lukiya anayesanso. "Achimwene, za amayi aang'ono mwamva? Nyumba yawo ija..."

"Ndaona ndekha," anadula Che Swaibu. "Musandibayenso mtima. Nkhani imeneyo musaiyambe."

Lukiya anadabwa kuti mwamuna wamkulu angalire choncho chifukwa cha nyumba yakale yogwa ndi mvula, koma anangoti mwina ndi mmene amachitira anthu a ku Bulawayo. Anabwerera kumpunga wake.

Tsiku la sadaka anthu anadzaza bwalo, Asilamu ndi Akhristu omwe, pakuti Che Bakari analibe tsankho. Amuna anakhala pansi pa mitengo ya mango, azimayi kumbuyo chakukhitchini, mitu yokutidwa ndi mipango. A tcheyamani a chipani anapatsidwa mpando, ena onse pamphasa. Shehe atamaliza pemphero la duwa, Che Swaibu anayimirira, nakonza jekete yawo, nayamba.

Pakamwa Mulungu anawapatsa, zimenezo tisawamane. Anasimba za Bakari mnyamata wa liwiro, amene ankagwetsa anzake onse pogwetsana kudambo, wa mtima wapachala, wosaopa munthu. Achinyamata anayang'anana. Bakari amene iwo ankamudziwa anali nkhalamba yotsimphina, yofatsa, yokonda kufolera madenga a amasiye. Komabe akuluakulu anagwedeza mitu, poti zinali zoona zakalekale.

Ataona mitu ikugwedezeka, Che Swaibu anatenthedwa. "Ngati ndikunama, mboni ilipo. A Elliam, mnzathu wa pa ubwana, muli kuti? Tayimirirani anthu akuoneni."

Palibe anayimirira. Koma mayi wina wovala mpango wakuda anayankha motsitsa mawu. Anali Martina, mkazi wa a Elliam.

"Anatsogola, bambo. Tinawayika nthawi ya mvula."

Thukuta linatsika m'khosi mwa Che Swaibu. Munthu wina akanapepesa n'kukhala pansi. Koma iwo anaganiza zothawira pamene ankati mpolimba, pa maliro amene anawaona ndi maso awo.

"Pepani, mayi. Imfa yatidyera anthu. Ndipo pa onse amene yatenga, amene andiswa mtima ine ndi mayi anga aang'ono, malemu Abiti Hamadi."

Lukiya anagwetsa chikho. Anafuna kudzuka, koma dzanja louma la nkhalamba ina imene inakhala pambali pake linamukoka chitenje. Nkhalambayo inali itafika m'mawa womwewo panjinga kuchokera kwa Mposa, kumene inkakhala ndi mwana wake chigwere nyumba yake.

"Khala pansi," inanong'ona. "Ndimveko."

Ndipo Che Swaibu anatsanula mtima wonse. Anati Abiti Hamadi ankadzimana chakudya nthawi ya njala kuti ana amasiye adye. Anati ankayenda wapansi mpaka ku Chilwa kukasuma matemba, n'kubwera miyendo itatupa koma akuyimba. Anati dzanja lawo linali lopepuka pomenya ndi lolemera pogawa. Misozi inkatsika, mawu akukoma, ndipo chodabwitsa n'chakuti kumbali ya azimayi mapewa ankagwedezeka, nkhope zitabisidwa m'zitenje. Che Swaibu anati mumtima, lero ndawaliza.

"Chisoni changa n'chakuti sindinaponye dothi pamanda awo," anamaliza. "Mawa wina andiperekeze, ndikaone pamene anagona."

"Ndikuperekeza ndine, mwanangu," anatero mawu okalamba kumbuyo. "Inenso sindinapaone."

Nkhalamba ija inadzuka ndi ndodo yake, n'kukankhira mpango kumbuyo. Chipewa chinagwa m'manja mwa Che Swaibu. Bwalo lonse linaphulika. Shehe anayesa kubisa kumwetulira m'ndevu, koma zinakanika, ndipo a tcheyamani anatsala pang'ono kugwa ndi mpando womwe. Ngakhale Martina, amene anali asanasekepo chiyikire mwamuna wake, anapukuta misozi ya phwete.

"Amayi," anatero Che Swaibu. "Koma nyumba ija..."

"Inagumula ndi mvula, siinafunse ngati ndafa." Abiti Hamadi anayandikira, nawagwira tsaya ngati kamwana. "Wakalamba, Swaibu. Koma wayankhula bwino. Zaka zonsezi ndakhala ndi anthu awa, palibe anandiyamikapo chotere. Za matemba zija ndinali nditaiwala ndi ine ndemwe. Tsopano khala pansi, ndikuuze amene anafadi."

Che Swaibu anakhala, ndipo nkhalambayo, itatsamira ndodo, inayamba kuwatchula.

Inayamba ndi Bakari. Inati mwendo uja anathyoka atagwa padenga la mayi wina wamasiye, ndipo atachira anakwera denga lomwelo kukamaliza, akunena kuti udzu sunalakwe. Inaloza mitengo imene amuna anakhala pansi pake, n'kuti yonseyo anabzala ndi iye, koma mango ake sankawadya poti ankamutsekula m'mimba. Anthu anaseka, ena akuyang'ana m'mwamba m'masamba.

Kenaka inatchula a Elliam, Mkatolika amene mwezi wa Ramadani ankapita kukadyera kuseri kwa nkhokwe kuti anzake osala asamve fungo la ndiwo. Inati njinga yawo inanyamula odwala ambiri kuposa ambulansi, ndipo inalibe mabuleki, kotero wodwala ankafika kuchipatala atachira ndi mantha. Martina anavomera ndi mutu, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Pomaliza inatchula Habiba, mzamba, amene Che Swaibu sanamutchule n'komwe. "Amene munabadwira m'manja mwa Habiba, kwezani mkono," inatero. Mikono inakwera bwalo lonse, mpaka wa a tcheyamani. "Mwaona? Ndipo aliyense wa inu, Habiba anatukwana mayi ake tsiku lobadwalo, poti pakamwa pake panalibe chitseko. Mulungu amukhululukire, ife tinamukhululukira kale."

Shehe anakwezanso manja, nawapempherera onse, ndipo mpunga ndi nyama ya mbuzi zinayamba kuyenda. Anthu ankadya akukumbutsana nkhani zina za atatuwo, uyu akuti mukukumbuka tsiku lija, uyo akuti iyayi sizinatero. Sadaka yokoma chotero mudziwo unali usanaionepo. Che Swaibu okha ndi amene ankangoseweretsa mpunga m'mbale, chifukwa ankadziwa chimene chatsala.

Mbale zitatsukidwa, azimayi a mbumba analowa m'nyumba ya Lukiya, ndipo wamkulu wa onse, woyamba ndi womaliza kuyankhula, anali yemwe uja anayikidwa m'manda asanafe. Sanachedwemo. Anayitana Che Swaibu pamodzi ndi Usumani, mdzukulu wa Abiti Hamadi, mlimi wosayankhulayankhula amene anakumba nawo manda onse atatu.

"Swaibu, mtima uli nawo, ndaumva ndi makutu anga," anatero Abiti Hamadi. "Munda tikupatsa, ndipo pano mpako, palibe adzakutche mlendo. Koma mwini mbumba ndi munthu wodziwa amene wagona ndi njala, amene wadwala, amene wamwalira. Iwe ukhoza kutigawira nsalu za maliro tikadali kutafuna. Dzina la Bakari alowa Usumani."

Che Swaibu zinawapweteka, tisaname, pakuti ulendo wonse wochokera ku Bulawayo anabwera akudziyesa dzina limenelo mumtima. Kenaka anatambasula dzanja, nagwira la Usumani, munthu amene anabadwa iwo atachoka kale.

"Che Bakari," anatero, kumutchula dzina latsopanolo, "mudzandiuze mukafuna wokuyankhulirani."

"Adzakuuza," anayankha Abiti Hamadi. "Ndipo pa sadaka yanga udzayankhule ndiwe, mawu omwe aja, usachotsepo ngakhale limodzi. Koma tsiku limenelo udzayambe wafunsa kaye ngati ndapitadi."

Choncho dzina limene munthu analiyendera mtunda wonsewo linamupulumuka m'manja chifukwa cha funso limodzi limene mlongo wake anali wokonzeka kuliyankha ali pamphasa, kwaulere. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.