Mudzi Umene Unkayenda

Kalekale, pakati pa chigwa chachikulu chopanda phiri, panali kamudzi ka nyumba zisanu. Sunthirani kuno ana inu, utsi ukupita uko.

M'mudzimo munali mlimi dzina lake Chidzanja. Ndiye anatsogolera anthuwo kuchoka kumapiri chaka cha njala, choncho akanena kanthu, onse ankamvera. Koma Chidzanja sankakhazikika. Akamalima, maso ali kutali. Akamadya, maso ali kutali.

Atangokolola mapira, iye anaimirira pachulu.

"Mangani katundu! Kutsogoloku nthaka ndi yakuda bii!"

Ananyamula makasu. Ananyamula mbewu. Anakusa mbuzi. Ulendo!

Anafika, anaswa mphanje, anazula zitsa, anamanga nyumba. Mvula inagwa, anakolola. Nkhokwe zisanaume n'komwe dothi, Chidzanja ali pachulu china.

"Mangani katundu! Ndaona mbalame zikulowera kuzambwe. Kumeneko kuli madzi!"

Ananyamula makasu. Ananyamula mbewu. Anakusa mbuzi. Ulendo!

Chaka chachitatu chimodzimodzi. Chachinayi chimodzimodzi.

Tsono mkazi wa Chidzanja anali Nambewe, ndipo anali atatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Tinyade. Chaka chachisanu amayi ake a Nambewe anadwala panjira. Atafika pamalo atsopano, anamwalira. Anawaika pansi pa mtengo wa mthethe.

 Tsiku lina Nambewe anasinthanitsa nkhuku yake ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa kwa munthu wina wapaulendo. Anaidula, n'kuibzala kuseri kwa nyumba.

Mapira atacha, Chidzanja anakwera pachulu.

"Mangani katundu!"

Nambewe anakhala pansi, miyendo tambalale.

"Bambo a Tinyade, ine sindinyamuka."

"Mwati bwanji, amake Tinyade?"

"Ndati sindinyamuka. Mwana wathu woyamba tinamusiya kumsasa wachiwiri. Malume tinawasiya kumsasa wachitatu. Lero ndikafuna kukasesa pamanda awo, ndilowere kuti? Amayi anga okha sindiwasiya. Komanso chinangwa changa sichinakhwime."

"Chakudya chanji chodikira zaka ziwiri? Muzule!"

"Dzanja langa silizula."

Anthu anayang'anana. Mabanja awiri anatsala ndi Nambewe. Mabanja awiri anatsata Chidzanja. Tinyade anathamangira atate ake mpaka kumalire a munda, akulira, koma iwo sanacheuke. Ankaopa kuti akacheuka, sapita.

Mvula inabweranso. Otsala aja anabzala m'minda yakale, mitima ili m'mwamba. Mwina Chidzanja ananena zoona? Mwina nthaka yatopa? Mapira anamera, anakula, anayamba kutulutsa ngala.

Ndiye tsiku lina masana, dzuwa linada. Tinyade anafuula:

"Amayi, mtambo ukubwera!"

Sunali mtambo. Linali dzombe!

Anaimba zitini. Anayatsa udzu. Anakupiza nthambi mpaka manja kutupa. Dzombe osamva! Linadya mapira. Linadya nyemba. Linadya masamba a chinangwa, kusiya timitengo tokhatokha. Chigwa chonse mbee!

Amuna anagwira m'mutu.

"Tafa ife. Nambewe, watipha!"

Nambewe anatenga khasu. Anakumba patsinde pa kamtengo kamodzi, n'kukoka. Eee! Chinangwa chonenepa ngati mkono wa munthu. Dzombe lilibe khasu, ana inu. Zapansi silinazione.

Anadya pang'onopang'ono, tsinde limodzi patsiku, ndipo palibe anafa.

Patapita miyezi iwiri, Tinyade anaona anthu akubwera chakuzambwe, akuyenda mopepesuka. Patsogolo panali atate ake, nthiti zikuwerengeka. Mbuzi analibe. Mbewu anali atadya. Mwa anthu khumi amene anapita, anabwera asanu ndi awiri.

Chidzanja anaima pabwalo, mutu pansi.

"Odi, amake Tinyade."

Nambewe anamuyang'ana. Kenako anati:

"Tinyade, ayalire mphasa atate ako."

Chidzanja anachira. Analima chaka chimenecho mwakhama, osakwera pachulu. Koma atakolola, Nambewe anamuona akuzungulira nyumba. Akhala, aimirira. Alowa, atuluka. Maso ali kutali.

Nambewe anamanga mtolo wa mitengo ya chinangwa, n'kuutula pamapazi pa Chidzanja.

"Nyamukani, bambo. Ndikuona kuti mtima ukukuwawani. Koma mupite nokha, mudzi muusiye. Kumene mukafike, mukawapatse anthu mbewuyi. Mvula ikamayandikira, mubwere mudzalime."

Chidzanja anagwetsa misozi, nanyamula mtolo.

Anapita, anabwera ndi mchere. Anapita, anabwera ndi mbewu ya mbatata. Anapitanso, anabwera ndi mabanja atatu ofuna malo. Nyumba zinachuluka. Anakumba chitsime. Tinyade anakwatiwa pomwepo, ana ake anabadwira pomwepo, ndipo iye anadya mango a mitengo imene anabzala yekha.

Chidzanja anakalamba akuyendabe. Chaka china mvula inagunda, iye osaoneka. Adzukulu ake anatsata njira, n'kumupeza atatsamira mtengo, nkhope italoza kumudzi, thumba la mbewu ya mpunga lili pamiyendo. Anamunyamula, nakamuika kwawo. Mpunga uja Nambewe anaufesa kudambo, ndipo unabereka.

Nthano yanga yagonera pamenepa, phulani mbatata zanu zisapserere.

Mudzi umafuna woyenda, koma umakula ndi wotsala.