Chishalo cha Mlongoti

"Alamu, mzere uwu mukuuona?" anatero mwini njinga, akuloza ndi chikhadabo pa chitsulo chonyamula chishalo. "Mukamakweza chishalo, mzerewu uzitsala m'kati mwa felemu. Ukangotulukira kunja, dziwani kuti mwakhalira manda."

Mwini njingayo anali wogulitsa mazira, bambo wamfupi, ndipo mwendo unali utamutupa moti sakanathanso kupalasa. Banja lonse linkadya thukuta la njinga imeneyo. Ndiye anaipereka kwa mlongo wa mkazi wake, mnyamata wamtali amene anthu ankamutcha Mlongoti, kuti azikasiya mazira m'magolosale kufikira iye atachira. Mlongoti anangoti, "Ndamva, alamu," maso ali kwina. Ndamva wa pakamwa ameneyu ndiye watha anthu!

Tsiku loyamba lomwelo, maondo ake ankachita kugunda mahandulo. Amayi ogulitsa tomato pamphambano anamuseka mpaka misozi. "Achimwene, mwalanda njinga ya mwana wa yani? Mukuoneka ngati chule pa mpando!" Mlongoti magazi anawira. Atafika kunyumba anamasula bawuti, nasolola chitsulo chija mpaka mzere unatuluka, n'kupitirira ndithu. M'felemu munangotsala kachidutswa kosakwana n'chala chomwe. Anthu inu, kachidutswa kotero kanyamule chimunthu chonsecho?

Chishalo chitayamba kugwedera, iye sanachitsitse ayi. Anatenga sipanala, naiveka mpaipi kuti ikhale ndi mphamvu, namanga bawutiyo mpaka chitsulo chinafinyika ngati khosi la nkhuku. Usiku njinga ankaisiya panja, mvula n'kumalowa, dzimbiri n'kumadya m'kati mwakachetechete monga chiswe chidyera mtanda wa denga. Posakhalitsa chishalo chinayamba kulira. Akapalasa, kwii! Akagunda dzenje, kwii!

Mlongo wake anaimva njingayo ikulowa pageti. "Iwe, chinthu chikamalira chimakhala chikunena kanthu. Kaonetse kwa okonza. Ana angawa adya chiyani ukaiwononga?"

"Achemwali, inu ndi njinga munadziwana liti? Samalani mapoto anu," anatero Mlongoti akuseka.

Kwa wokonza njinga anapitako ndithu, koma kukapopa tayala basi. Mkuluyo anapukuta chitsulo chija ndi kansanza, naona mng'alu woonda ngati tsitsi utazungulira pamene bawuti inafinya.

"Mphwanga, tsika. Chitsulochi chatha. Wachikweza mopitirira, wachimanga mopitirira, ndipo dzimbiri lachimaliza. Ndili nacho chachitali, chokwana miyendo yakoyo. Ndikuikire pompano."

"Mwayamba malonda, madala? Chitsulo n'chitsulo, si mzimbe."

"Ukadzagwa usadzati sindinanene."

Tsono mverani chimene anachita mwana wopanda makutuyu. Anadula mphira wa chubu chakale, nakulunga pamng'alupo zolimba, kuti mlamu wake asaone mzere, mlongo wake asamve kulira. Kulirako kunalekadi. Iye n'kumayenda chifuwa patsogolo, ati wachiritsa njinga. Kuchiritsa kwanji kotseka wodwala pakamwa? Bala lophimba ndi nsanza limaola, silipola.

M'mawa wina anasanja matireyi a mazira pakeliyala mpaka kufika m'mapewa. Mlamu wake, ali pampando mwendo uli pa ndowa, anamuitana. "Alamu, mphirayo ndi wachiyani?"

"N'zokongoletsa," anayankha, natuluka.

Msewu wopita kumagolosale uli ndi chitsikitsiki, ndipo kumunsi kwake, pafupi ndi mphambano ija, kuli hampu yochepetsa liwiro la magalimoto. Munthu wanzeru amagwira mabuleki n'kudzuka pang'ono pachishalo. Mlongoti ataona amayi a tomato aja, anafuna kuti amuone bwino. Anawongola msana, nasiya njinga kuti iuluke, thupi lonse lili pachishalo. Tayala litagunda hampu, chitsulo chinangoti thyo! Chishalo chinapita chammbuyo pamodzi ndi mwini wake. Anagwera chagada pamazira, chitsa cha chitsulo chothyokacho chitamung'amba ntchafu, nakamenyetsa chiuno m'mphepete mwa ngalande. Njinga inapitirira yokha n'kukalowa pansi pa lole imene inkadutsa.

Palibe anaseka tsiku limenelo. Amayi omwe aja ndiwo anamumanga bala ndi nsalu zawo, iye akulira ngati khanda, mazira akuyenderera mumsewu.

Zimene zinatsatira n'zopsetsa mtima. Njinga inasanduka zitsulo zokagulitsa pa sikelo. Eni magolosale sadikira wodwala, anapeza wina wowabweretsera mazira. Mlamu uja mwendo unachira, koma anachirira pakhomo popanda chokwera. Mlongo wake, amene anauzidwa kuti asamale mapoto, anayamba kuchapa zovala m'nyumba za anthu kuti mapotowo asagone chadodolido. Ndipo akabwerako manja atasuwa ndi sopo, amayambanso kutembenuza Mlongoti pamphasa, chifukwa chiuno chinathyoka ndipo adokotala anati njinga sadzakweranso.

Lero chimnyamata chija chimene chinkachita manyazi ndi chishalo chachifupi chimayenda chowerama ndi ndodo, ndipo pokhala chimayamba chafunafuna pilo. Anamuuza mlamu, anamuuza mlongo, anamuuza wokonza, ngakhale chitsulo chenichenicho chinamulirira. Akuluakulu sananame: samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.